Mlamu Wake wa Jaji

Mwati mukufuna kudziwa kayendetsedwe ka kampeni? Sendezani mipando kuno, ndikuuzeni za Merle Zastrow, wogulitsa matayala uja. Mwamuna ameneyu Mulungu anamupatsa pakamwa, koma pogawa makutu anamudumpha.

Chaka chimenecho mlamu wake, Jaji Lorna Haugen, mkulu wake wa mkazi wake Darlene, anaima pa chisankho cha oweruza a khothi lalikulu la kuno ku Wisconsin. Merle anadzipereka kuyendetsa kampeni, ndipo musaganize kuti chinali chibale ayi. A Kessler, mkulu wina wa chipani, anali atamulonjeza kuti Lorna akangopambana, amulemba ntchito pa kampeni ya bwanamkubwa, asiyane nawo matayala. Merle anali atalengeza kale m'bala muno kuti akusamukira ku Madison, ku likulu, mpaka anatsanzika ndi ometa tsitsi.

Tsono vuto la jaji mukulidziwa: saloledwa kulonjeza kanthu. Phungu amalonjeza msewu, mlatho, ngakhale mtsinje woti udutse pansi pa mlathowo. Koma jaji mukamufunsa chilichonse amangoti, "Sindingayankhe, nkhaniyo ikhoza kubwera kukhothi kwanga." Ndiye Lorna ankachita kunyanyira. Munthu wina anangomufunsa ngati kukuzizira, iye nkuti ayambe wamva mbali zonse ziwiri.

"Alamu, anthu akuti ndinu ouma ngati chikuni," anadandaula Merle m'galimoto.

"Ndine jaji, Merle. Ntchito yanga ndi kuweruza."

Merle anaponda buleki mpaka khofi anatayikira pa mathalauza. "Ndi zomwezo! Muziweruza! Tchalitchi chilichonse chili ndi mpikisano wa zophikaphika. Muzipita, mulawe, mumwetulire, munene kuti zonse n'zokoma. Mavoti mbwee!"

Anayambira m'chipinda chapansi cha tchalitchi china, pa mpikisano wa supu wa nyemba. Inu, tamverani! Lorna anavala magalasi, nkulawa mphika uliwonse kawiri, kenako anayamba kuitana mboni.

"Amayi busa, nyemba izi munaphika nokha? Musanayankhe, kumbukirani kuti tili m'nyumba ya Mulungu."

Mayi uja anayang'ana pansi nkuvomera kuti zinali za m'chitini. Ndipo mukudziwa amene anapambana? Mlendo wochokera ku Illinois, munthu wopanda voti kwathu kuno! Amayi onse a kwaya anatuluka atakumbatira miphika yawo, milomo ili ndwii.

Wina aliyense akanaona kuti jaji akaweruza amasangalatsa munthu mmodzi nkukwiyitsa holo yonse. Merle ayi. Iye anati vuto linali nyemba. Anamutengera ku chionetsero cha ng'ombe zamkaka, poti ng'ombe sizisunga chakukhosi. Anaiwala kuti eni ake amasunga. Lorna anasisita ng'ombe ya wapampando wa alimi, dzanja nkubwerako lili bii.

"Bambo, mawanga akudawa ng'ombeyi inabadwa nawo, kapena ndi polishi wa nsapato?"

Sabata yomweyo zikwangwani za Lorna zinayamba kupezeka m'ngalande, zina zitachita kupondedwa ndi thirakitala.

Apa Merle anaona kuti zinthu zikuipa, koma anali ndi nzeru ina. Ku tauni kwawo kunali mpikisano wa makeke a maapozi, ndipo Darlene mwiniwake anali nawo. Anawerengera kuti pa m'bale wake jajiyo afewa, anthu aone kuti naye ali ndi mtima. Atafika pa tebulo la Darlene, Lorna anaikadi foloko pansi.

"Uyu ndi mng'ono wanga, choncho malamulo sandilola kuweruza keke yake."

Merle anapuma, mpaka anaombera m'manja.

"Koma pongofuna kuthandiza amene aweruzeyo," anapitiriza Lorna pa chimkuzamawu, "mkatimu simunapse. Simupsa chiyambire ali mtsikana."

"Achemwali, mwanditero pagulu?" anakuwa Darlene, nkutembenukira mwamuna wake. "Ndi iwe! Ndi iwe unamubweretsa kuno!"

Kuchokera tsiku limenelo Merle ankagona m'galaja, pakati pa matayala ake omwe ankawanyoza aja. Anandimvetsa chisoni, kunena zoona, ngakhale kuseka ndinaseka.

Chiyembekezo chake chinatsalira kumpoto, komwe anali atakonza mipikisano yosawerengeka: wa soseji, wa tchizi, wa gule wa polka, ngakhale wa makanda okongola. Tangoganizani Lorna akuweruza makanda! Mwamwayi kunagwa sinowo wa m'mapeto a nyengo yozizira, wofika m'chiuno, misewu yonse yopita kumpoto nkutsekeka mpaka tsiku lovota. Merle analira ngati wafedwa. "Kampeni yanga yathera pomwepa, anthu akumpoto avota asanamuone!"

Zotsatira zitatuluka, kulikonse kumene Lorna anaponda anagwa chagada. M'tauni yawo momwe, ngakhale Darlene anavotera wopikisana ndi mkulu wakeyo, ndipo anachita kulengeza. Koma kumpoto, komwe sanamuonepo ndi maso, anasesa mavoti onse. Anthu anangomva kuti kuli jaji wina amene anagwira wapampando wa alimi ndi polishi, nkuti ameneyo ndiye wathu. Lorna anapambana!

M'mawa mwake Merle anavala suti, nkukalowa mu ofesi ya a Kessler chifuwa chili patsogolo. Anawapeza ataimirira pa mapu, akuloza ndi chala.

"Merle, apa unafika?"

"Ndinafika, bwana."

"Tinaluza. Nanga apa?"

"Kawiri konse."

"Tinaluza mochititsa manyazi. Mwana wanga, ndakalambira m'ndale, koma luso ngati lako sindinalionepo. Ntchito ndi yako, uyambe Lolemba."

Merle misozi inalengeza. "Zikomo, bwana! Ofesi yanga ndi iti?"

A Kessler anatsegula katani nkuloza tsidya lina la msewu, pa ofesi ya opikisana nawo. "Ukadzipereke uko. Munthu wawo wofuna ubwanamkubwayo umutengere paliponse, usasiye ngakhale mudzi umodzi."

Merle anasuzumira pawindo. "Nanga kukagwanso sinowo?"

"Usadandaule. Galimoto yolambula msewu tikutumizira ndife."