Ndinadya Mazira a Malemu

Ine sindikonda zolankhulalankhula. Nkhani iyi ndikuinena chifukwa Asiyatu wayamba kale kuifalitsa, ndipo akuipotoza.

Ndine dalaivala. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuyendetsa mayi wina wachikulire wa ku Japan, amene amakhala yekha ku Jumeirah Lake Towers, nyumba zosanja zazitali za kuno ku dziko la Aluya, pamwamba penipeni. Malo anga ndi pansi, kumene kumakhala magalimoto. M'nyumba ndinkalekeza kukhitchini, ndipo sindinakhudzepo kanthu, ngakhale shuga. Kuno wantchito akangomutchula wakuba, khalas, zake zatha, amukweza ndege.

Tsiku limenelo Asiyatu, mayi wa ku Machinga amene amaphika m'nyumbamo, anadzuka ndi dzino. Anandiimbira foni.

"Amalume, Madamu akufuna mazira. Komatu si a kwathu aja. Moto wochepa, muwaphule akadali onyowa."

"Iwe, ndinayamba kukazinga mazira mayi ako asanakwatiwe."

Ndinadula foni n'kukwera kukhitchini.

Ndinathira mafuta okwanira, anyezi, n'kutembenuza mpaka anafiira ngati chitumbuwa. Madamu anawayang'ana, anawerama pang'ono, nati, "Pepani. Iye sadya otere." (Iye ndani? Sindinafunse. Munthu wamkulu safunsafunsa.)

Anaima pambali panga kundiphunzitsa, ine wa imvi. Mazira atatu, mkaka pang'ono, kashuga, madontho a msuzi wakuda wa soya. Batala m'poto. Chitofu chake n'chagalasi lakuda, chopanda lawi, chimangolira ngati udzudzu. Anandipatsa timitengo tinayi todyera kuti ndizitakasa osaleka. Atangoyamba kugwirana ngati phala la khanda, anati, "Basi."

"Madamu, sanapse."

"Apsa."

Anatenga mbale n'kutuluka nayo.

Nditatsuka poto ndinalowa pabalaza kukafunsa nthawi yonyamukira. Madamu anali kubafa. Kunja kunali chifunga. Pazenera sindinkaona msewu, kapena nyumba ina, kuyera kokhakokha ngati nsalu ya maliro. M'nyumba munali zii. Ndiye ndinaona mbale ija pa kakabati kakuda pakona, mazira osakhudzidwa n'komwe.

Mtima unandiwawa. Kukanidwa kawiri m'mawa umodzi! Komanso kutaya chakudya ndi tchimo. Ndinatenga supuni n'kudya chiimire. Anali ozizira, otsekemera, oterera pakhosi. Ndinamaliza onse mwaukali, kenako ndinakweza maso.

Zitseko za kakabati zinali zotsegula. M'kati munali kabelu, lubani akufuka, ndi chithunzi cha bambo wa magalasi. Maso ake anali pa mbale.

Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma nsembe ndimaidziwa. Kwathu ufa wothiridwa patsinde pa msolo ngakhale mbuzi timaiingitsa. Ine ndinali nditadya chakudya cha malemu amuna awo a Madamu, iwo akuona.

Utsi wa lubani, umene unkakwera chowongoka, unapindika n'kulunjika kwa ine. (Asiyatu akuti ndi mphepo ya makina oziziritsa. Asiyatu kunalibe.)

Ndinathamangira kukhitchini kuti ndiphike ena. M'firiji munatsala dzira limodzi. Linandipulumuka, phwa! Chitofu chinalira katatu chokha n'kuzima.

Ndinabwerera pabalaza. Ine, munthu wosaphonya swala ya Lachisanu kumzikiti, ndinavula kofia, ndinagwada, ndinaomba m'manja.

"Bwana, pepani. Sindimadziwa kuti ndi anu. Ndine mlendo wa ku Malawi, ndilibe nanu chifukwa."

"Akuyankha?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. Kufuula kumene ndinafuula sindikufotokoza. Anali Madamu, thaulo kumutu.

Ndinaimirira ngati msilikali. "Ndadya ndine, Madamu. Ngati n'kundichotsa ntchito, ndichotseni."

Anayang'ana mbale, anayang'ana chithunzi, n'kudzitseka pakamwa. Mapewa ankagwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo ndikuganiza kuti zinali zonse. Anati kwawo chakudya chotere, lubani akatha, chimadyedwa ndi a m'nyumba. Koma Madamu mwiniyo adokotala anamuletsa mazira. Asiyatu amakana kwamtuwagalu kuwadya (mfundo imene sakuitchula akamanena nkhaniyi). Ndiye zaka zonsezi mazira ankathera m'bini, Madamu mtima ukumupweteka.

"Mwamuna wanga ankadana n'kudya yekha," anatero. "Tsopano wapeza mnzake. Mawa eyiti koloko."

Ndikanakana. Koma munthu amene wangopezeka atagwada kutsogolo kwa kabati amangovomera.

Choncho m'mawa uliwonse ndimakwera, ndimadikira lubani athe, ndimanena bisimila mokweza kuti onse adziwe mbali imene ndili, n'kudya. A Shehe sindinawauze.

Phunziro lake ena akuti n'kufunsa mwini mbale usanadye. Mwina. Ine ndikuti mazirawo ndi osapsa, ndipo ndidzafa ndikunena zomwezo. Koma sindisiyako ngakhale kachidutswa, chifukwa bamboyo sachotsa maso.