Dima la Mapira Anga

Lolemba
Mapira akhwima, ndipo mbalame zadziwa kale. Ndekha ndi msana wangawu sindingadule munda wonse, ndikachedwa chaka chino ndigona ndi njala. Ndiye ndikuitanitsa dima Lachinayi, monga tinkachitira ndi malemu amuna anga: anthu abwere, adule, adye, amwe thobwa, basi. Zofunika: chimera, nkhuni, tambala wanga wofiira, anthu. Anthu si vuto, anyamata a mudzi uno ndinawabereka kumsana ndine.

Lachiwiri
Thobwa ndaphika, mbiya ziwiri. Ndikuyenda khomo ndi khomo kuitana. Kwa a Zuze: mwana wawo wamkulu akudula nzimbe ku esiteti, wachiwiri akupalasa kabaza ku Nchalo, wachitsiriza ali ku Joni. Kwa a Alufandika ndapeza iwo ndi agalu okha. Kodi anthu onsewa anachoka liti ine osaona?

Lachitatu
Anyamata otsala ndawapeza pa bawo. Ndawafotokozera bwinobwino. Mdzukulu wa a Zuze akuti, "Agogo, thobwa sagulira sopo. Mulipira bwanji?" Mwana amene ndinkamupukuta mamina! Ndakwiya, koma pobwerera ndafunsa mtengo wa sopo pa okala, ndipo mkwiyo wachepa. Dima ndalisunthira Loweruka, mwina a ku esiteti apuma.

Lachinayi
Tsiku lonse kumunda, kumenya chitini, kukuwa mpaka mawu kutha. Mbalame zikungosamukira mbali ina ya munda n'kumandiyang'ana. Kale ntchito imeneyi inali ya ana. Ine ndinamvera a chipatala, ndinalera, ndinabereka awiri okha kuti aphunzire. Aphunziradi, ali ku Blantyre. Koma a Zuze anabereka asanu ndi atatu, nawonso akumenya chitini okha. Ndiye wolakwa ndani?

Lachisanu
Kutentha kwa Chikwawa! Thobwa layamba kuchita thovu, fungo lake si la thobwanso ayi. Ine mayi wa mvano, mbiya ziwiri za mowa m'nyumba! Ndavundikira ndi chitenje. Tambala ndapha, mtima ukuwawa. A ku esiteti atumiza mawu kuti Loweruka ali ndi ovataimu.

Loweruka
Abwera atatu: a Zuze, a Alufandika ndi ndodo yawo, ndi mai Fulukiya amene saona bwino. Adula mizere iwiri. Kenaka a Alufandika akuti, "Timweko pang'ono, mphamvu zibwere." Mphamvu zabweradi, koma za nyimbo. Aimba nyimbo zonse za dima pansi pa mtengo, mpeni uli pansi, mbalame zikudya. Mai Fulukiya alira pokumbuka mmene mundawu unkadzadzira anthu, nanenso ndalira nawo. Tambala watha. A Zuze ndawaperekeza ndine, akuti, "Takhuta, dima labwino ngati limeneli sitinalionepo."

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite, manyazi. Ndapita kumunda. Ngala zangotsala mbee, mbalame zamaliza ntchito imene anthu akana, osafunsa malipiro. Zimene tadula ndi dengu limodzi losadzaza.

Ndamuimbira mwana wanga wamkazi. Zaka zonsezi wakhala akundiitana ku Blantyre kuti ndizikamulerera ana iye ali kuntchito, ine n'kumakana kuti munda ndisiyira yani. Lero sindinakane. Akuti ndikwere minibasi sabata yamawa.

Dengu lija ndapatsa mai Fulukiya kuti asunge mbewu. Iwo alibe mwana wowaitana kutauni.