Tsiku Limene Ajoka Adaswana M'chigafa

Kufikira lero, ndikatsika minibasi pa Wimbe, amalume anga sathamangira kundilonjera. Amayamba asuzumira m'thumba la malaya anga, ndipo akaonamo cholembera amapukusa mutu. Ndiloleni, owerenga anzanga, ndikufotokozereni chimene chidabala khalidwe limeneli, ngakhale kuti nkhaniyo sindituluka nayo ulemu.

Chidali chaka china cha makuponi, koleji yathu itatsekedwa chifukwa cha kunyanyala kwa aphunzitsi (ena amati sitalaka, koma ine sindibwereka mawu pamene athu alipo). Kalabu ya alimi ya kwathu idasonkhanitsa makuponi ochepa amene adafika, nigula feteleza, nigawana ndi beseni. Lidatsala thumba limodzi la wobereketsa. Kuti aligawe, aliyense akadapeza wongodzaza chipewa. Atakangana mpaka mawu kusasa, adagwirizana kuti thumbalo lipite kwa amene apambane mpikisano wa makhadi. Akulu a mpingo adagamula kuti imeneyi si njuga popeza palibe woika kanthu, ndipo atagamula adakhala oyamba kukoka mipando.

Amalume adalifunitsitsa thumbalo. Chimanga chawo chidali chitayamba kuchita chikasu, ndipo kuponi chaka chimenecho idawaphonya, ngakhale kuti ya malemu mkulu wawo idatuluka bwinobwino. Ndiwo adanditchula pamsonkhano.

"Mphwangayu ndi wa ku koleji. Akhale lefali ameneyu."

Ponena izi adanditsinzinira diso limodzi. Ine ndidaganiza kuti lalowa fumbi.

Udindowo ndidaulandira ndi manja awiri, chifukwa ndidali nditawerengapo pa kompyuta ya ku koleji malamulo a mipikisano ya makhadi ya maiko akunja. Ndime imene idandikhala m'mutu inkanena za khadi lolowa m'malo mwa linzake lotayika kapena long'ambika: lopanga ndi woweruza yekha, ndipo lisazindikirike ukaliona kumsana. Ndidaisunga ndime imeneyi miyezi yambiri osapeza poigwiritsa ntchito.

Loweruka masana tidasonkhana m'chigafa cha a tcheya a kalabuyo, momwe mudalibe fodya popeza adali akadali mwana kumunda. Thumba lidaimikidwa pakati ngati mkwatibwi. Masewera ake adali aja otaya makhadi, woyamba kumaliza ndiye wopambana, ndipo joka ndiye khadi loopsa, chifukwa ukamponya mnzako amatola mulu. Makhadi a kalabuyo adali akuda ndi thukuta la zaka zambiri. Ndikuwayendera, ndidapeza kuti joka mmodzi adasowa kalekale, ndipo m'malo mwake mudali kachidutswa ka katoni ya sopo kamene onse ankakatcha Mlamu.

Ndime ija idali itapeza ntchito.

"Ameneyu sasewera," ndidatero.

"Walakwanji Mlamu?" adafunsa a Mwale, mlimi wa fodya amene sadagonjepo kwa amalume pa chilichonse, kuyambira malire a munda mpaka nyimbo za kwaya.

"Akuzindikirika kumsana. Aliyense akudziwa amene wamugwira."

"Ndiye kukoma kwaketu kumeneko, a Koleji! Ukamuona Mlamu m'manja mwa mnzako umayambiratu kupemphera."

Onse adaseka, koma ine sindidagwedezeke. Vuto lidali lakuti ndidalibe njira yopangira khadi limodzi lofanana ndi anzake. Pamenepo ndidapeza nzeru imene panthawiyo ndidaiona ngati ya munthu woyenera digiri: ngati mmodzi sangafanane ndi ambiri, ambiriwo afanane ndi mmodziyo. Ndidapempha katoni ya mafuta ophikira ndi lumo, ndidapita kuseri kwa chigafa, ndipo ndidadula makhadi atsopano onse, ofanana kumsana ngati mapasa. Popeza kujambula sindikudziwa, ndidalemba dzina la khadi lililonse m'mawu, m'Chichewa chosasakaniza: "zisanu ndi zitatu za mitima," "mfumukazi ya mitanda," motero.

Masewera atayamba, ndidazindikira kuti ambiri mwa osewerawo magalasi adasiya kunyumba, ndipo ena alibe n'komwe. Ankatambasula mkono kuti awerenge, mwakuti khadi linkayandikira maso a mdani kuposa a mwini wake. Mayi Nabanda, amene pa makhadi akale ankagwetsa amuna onse, adatembenuzira lawo kwa amene ankasewera naye.

"Tandiwerengerani achimwene, kodi uyu ndi ndani?"

Adatuluka m'ndime yoyamba yomweyo, akundiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala.

Tidapumira kuti timwe thobwa. Apa ndiyenera kuvomereza kuti zotsala za katoni ija, lumo ndi cholembera ndidaziiwala kuseri kuja. Ndidaona ndithu abambo akunyamuka mmodzimmodzi kulowera komweko, ena kawiri, koma ndidangoti thobwalo lawakulira. Ndidayamikanso mumtima kuti anthu a kwathu ndi aulemu, sapita awiriawiri.

Titabwerera, masewera adayamba kuthamanga modabwitsa. Anthu ankapambana asadakhale bwino pampando. Mulu wa makhadi, umene poyamba unkakwana m'dzanja langa, tsopano unkafuna manja awiri pousakaniza (ndidaganiza kuti katoni yafufuma ndi chinyezi, ku koleji tidaphunzira kuti zimatheka).

Kumapeto adatsala amalume ndi a Mwale. Amalume adaponya joka.

"Tolani, achimwene."

A Mwale adaponya wawo pamwamba pake. "Mutole ndinu."

Ajoka awiri, monga ndidalembera. Koma amalume adamwetulira naponya wachitatu. A Mwale, osaphethira, adatulutsa wachinayi. Amalume adakanda m'khosi mwa malaya natulutsanso wina.

"Imani!" ndidafuula.

Ndidatola makhadiwo. Inki ya wotsirizayo idali isadaume, ndipo chala chachikulu cha amalume chidali chobiriwira.

"Mphwanga," adatero chapansipansi, "unakulira pa chimanga changa iwe."

"Amalume, lamulo likuti khadi lolowa m'malo lopanga ndi woweruza yekha."

"Nanga woweruzayo si wa m'banja mwathu? Ndangokuthandiza ntchito."

Owerenga anzanga, ndidawatulutsa. Ndidatulutsanso a Mwale, amene adalandira chigamulocho mokondwa atangoona kuti amalume nawo agwa. Kenako ndidati thumba lipite kwa amene adagonja kwa awiriwa, koma ndidalamula kuti ayambe akutumula zovala. Ajoka adagwa kuchokera m'zipewa, m'masokosi, ndi m'buku la nyimbo la mkulu wina wa mpingo, amene adati sakudziwa kuti adalowamo bwanji. Wosapezeka ndi mlandu adali Mayi Nabanda okha.

"Ndiye thumba ndi langa," adatero, akumanga chitenje.

A tcheya, amene tsiku lonse sadagwire khadi, adatsokomola naimirira.

"Mayi, inu munatuluka poyambirira, anthu onse akuona. Nkhani yafika povuta iyi. Tiyamike a lefali potiunikira. Thumbali lisungidwe kaye mpaka komiti ikhale pansi."

Mayi Nabanda adayang'ana kwa ine kuti nditsutse. Ndidafufuza m'mutu mwanga, koma malamulo a maiko akunja aja sadanenepo kanthu za komiti. Thumba lidatuluka m'chigafa pamapewa a anthu awiri, lidalowa m'nyumba ya a tcheya, ndipo chitseko chidatsekedwa.

Komitiyo sidakhale pansi mpaka lero. Chimanga cha a tcheya chaka chimenecho chidabiriwira mochita kuda, ndipo iwo ankauza aliyense kuti chinsinsi chake ndi kupalira msanga.

Mmawa mwake amalume adandidzutsa ndi ndowa m'manja.

"Feteleza unamuweruza uja kulibe. Amene alowe m'malo mwake ali m'khola la ng'ombe. Wopanga ndi woweruza yekha, eti?"

Ndidasenza ndowe kuchokera kukhola kupita kumunda mpaka tsiku limene aphunzitsi adasiya kunyanyala. Paulendo uliwonse, ndowa ikundidonthera m'khosi, ndinkailingalira nkhaniyi mofatsa, ndipo ndidafika pa mfundo imene ndikadali nayo: lamulolo lidali lolondola. Chimene chidasowa ndi chidindo chodinda pa makhadi a woweruza. Ndafunsa kale mtengo wake ku Kasungu, koma kalabu sidandiitanenso.