Mmene Ndinakonzera Chikwama cha Mpongozi Wanga

Pali anthu ena oti akayamba kukufunirani zabwino, muziwamanga manja msanga. Ine ndine mmodzi wa iwo, ndipo umboni wake uli pamwamba pa kabati kwathu, ukununkhabe penti.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditaya kuno ku Senga Bay kalekale, moti usipa ndimaudziwa kuposa kachewere. Mwana wanga wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anabwera ndi mtsikana woti amange naye banja, dzina lake Tadala. Mwana waulemu, wogwada mpaka pansi, mayi ake anamwalira iye ali kusekondale. Ndinamukonda pompo, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindidzakhala apongozi ovuta aja timawamva.

Pochoka Tadala anandisiyira mphatso yokulungidwa m'kansalu kofewa, nati ndidzainyamule pa chinkhoswe chawo. Nditatsegula, ndinapeza muli chikwama. Chikwama chakalekale, zogwirira zitada ndi manja a anthu ena, thupi lonse lolembedwalembedwa ndi utoto wobiriwira ndi wapinki, zilembo zopotoka, zina zoberekana. Ine ndaphunzitsa Sitandade 1, ndiye dzanja la mwana wosamva ndimalidziwa.

Ndinamumvera chisoni mtsikanayo, ndinati amupusitsa pa kaunjika. Koma chimene chinandisowetsa mtendere ndi alamu anga a ku Ntcheu, alongo awo a bambo a kunyumba. Amene aja akanachiona pa chinkhoswe, akanafalitsa kuti mtengwa wapatsa apongozi ake chotola kudzala, ndipo mwana wamasiyeyo akanalowa m'banja mwathu ndi mbiri yoipa. Kuchisiya kunyumba kukanakhala kumunyoza. Ndinaona kuti njira ndi imodzi basi, kuchikonza mwakachetechete.

Ndinayamba ndi sopo ndi madzi ofunda. Zilembo sizinasunthe. Ndinatapa mchenga wa kunyanja, womwe uja umayeretsa mapoto, n'kukwecha ndi mtima wonse. Khungu la chikwama linayamba kusupuka, zilembo zili phee. (Apa munthu wanzeru akanadzifunsa kuti ndi mwana wanji amalemba ndi bolopeni yolimba chonchi. Ine ndinangoti ana a kunja amadya bwino.) Kenako ndinathira parafini. Wapinki ndi wobiriwira anakwatirana n'kubereka mtundu wa matope, ndipo galu wathu anasamuka pakhonde.

Zitafika apa, kubwerera kunalibe. Ndinakwera kabaza kupita kudoko kwa Che Yusufu, bambo amene amapenta maboti a asodzi. Anachitembenuza, anachigogoda, anachinunkhiza.

"Madamu, ichi chikufuna penti kawiri. Pansipa tiikeponso phula kuti madzi asalowe."

Ndinawauza kuti chikwama sichipita m'madzi.

"Wallahi, madamu, aliyense amatero."

Nditapita kukachitenga, ndinachipeza chili pamchenga pakati pa maboti awiri, chikuuma nawo limodzi. Kumtunda buluu, kumunsi kofiira, mzere woyera pakati. Zogwirira zinali zitaduka chifukwa cha parafini uja, ndiye anamangapo chingwe cha ukonde. Ndipo popeza kwa iwo chombo chopanda dzina ndi tsoka, anali atalemba m'mbali ndi zilembo zazikulu kuti ZONSE NDI NTHAWI. Zipi inamatika osatsegukanso, ndipo ukachiika pansi chinkalira ngati ndowa. Koma ndisaname, chinkawala, ndipo zilembo za Che Yusufu zinali zoongoka zoti n'kuchonga.

Mu minibasi ya ku Lilongwe munthu wina anandifunsa ngati muli nsomba. Ndinangodziwa kuti ndi nsanje.

Pa chinkhoswe ndinakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, dzina likuyang'ana kwa anthu. Alamu anga atafunsa kumene ndinachipeza, ndinayankha mokweza kuti ndi mphatso ya mpongozi wanga. Anayang'anizana, ine ndinati agoma. Kenako anabweretsa Tadala atamufunditsa chitenje monga mwa mwambo. Atamuvundukula, chinthu choyamba chimene maso ake anagwera ndi miyendo yangayi. Misozi inangoyamba mbwembwembwe. Anthu analuluta, ndipo alamu anga anati mwana woleredwa bwino amalira chonchi posiyana ndi kwawo.

Mwambo utatha Tadala anandipeza kuseri kwa nyumba, nagwada.

"Amayi, chikwama chija mwachisiya kunyumba?"

"Ndi chomwechi, mwanawe. Ndachikonza."

Anachiyang'anitsitsa. Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mmene ine ndimafotokozera ana a Sitandade 1. Zolembalemba zija sanali mwana. Kampani ina ya kunja yotchuka ndi zikwama inachita kuitana katswiri wa zojambula kuti alembe choncho dala. Anapanga zowerengeka n'kuleka, ndipo lero kuli anthu amene amazisakasaka n'kumazisunga, osaikamo ngakhale mpango. Kuda kwa zogwirira kuja ndiye umboni woti ndi chenicheni. Anandionetsa pafoni chinzake chili m'kabati yagalasi, chili ndi getsi lakelake. Mtengo wake sindiutchula, ndimadwala BP.

Ndinafuna kunena kuti katswiriyo akanabwera m'kalasi mwanga akanabwereza chaka, koma iye anapitiriza.

"Chinali cha mayi anga. Anapatsidwa ndi abwana awo pamene ankagwira ntchito yam'nyumba ku Joni. Ndimafuna kuti pa tsiku langali chikhale m'manja mwa mayi."

Abale, ndachitapo manyazi pamoyo wanga, koma awa anandifika m'mafupa. Ndinakhala pansi pafumbi ndi chilundu changa chatsopano n'kuyamba kulira. Ndinali nditakwecha ndi mchenga chinthu chokhacho chimene mwanayo anatsala nacho cha mayi ake. Tinalira awiri. Kenako anachitenga, anachisisita, chinalira kuti ngwee, anawerenga dzina lija mokweza, n'kuphulika kuseka mpaka kutsamwa. Anati mayi ake akanachinyamula kutchalitchi momwemo. Mpaka pano sindidziwa ngati ananena zoona kapena anangofuna kuti ndidzuke pafumbipo anthu asanatione.

Ndinamulonjeza, dzanja pamtima, kuti chinthu chake sindidzachikhudzanso ndisanafunse.

Sabata ino Tadala ali kuno, wabwera kudzationa ndi mwamuna wake. Wachapa jinzi yake n'kuiyanika pachingwe, yong'ambika m'mawondo monse muwiri, ulusi uli lendelende, mkazi wapabanja, mwamuna wake ali pantchito yabwino. Loweruka kukubwera alamu anga. Tadala ndi mwamuna wake apita kunyanja kukasamba, ndipo ine jinziyo ndangoilowetsa m'nyumba kuti isapse ndi dzuwa, basi. Koma ulusi wabuluu umene ndaupeza m'chitini ukufanana nayo bwino zedi.