Tsiku Limene Zimamoto Adabwera Kudzafunsira Mwana Wanga

Mpaka lero pali anthu m'mudzi muno amene akandiona ndanyamula chipanda cha mowa amayamba kusendeza nkhuni. Sindiwayankha. Ndidaziputa ndekha, ndipo mwana wanga Sofiya adatsala pang'ono kukalambira pakhomo panga chifukwa cha pakamwa pangapa.

Zidachitika nkhondo ya Ajeremani isanabwere, masiku aja Abambo achizungu ankaumbitsa njerwa ku mishoni. Chaka chimenecho chimanga chidabereka, koma amuna anga adali atapita kukagwira ntchito ya msonkho, ndiye kutonola konse kudagwera ine ndi Sofiya. Ana m'mudzi adalipo gulu, ongothamangitsana ndi mbuzi. Ndidawaitana nkuwauza kuti wotonola amva nthano, wosatonola akakhale kuseri kwa nkhokwe.

Nthano za nyama adazikana, ati adazimva kale kwa amayi awo. Ndiye ndidawaumbira munthu woipa, dzina lake Zimamoto, mfumu ya mdima. Ankakhala m'phanga pamwamba pa phiri, paja nkhungu sichoka. Kale adali munthu ngati ife, koma abale ake adam'mana moto nthawi yachisanu, iye nkulumbira kuti adzazima moto wa dziko lonse. Ankhondo ake adali afisi, omunong'oneza nkhani adali akhwangwala. Akangokhala pansi pamudzi, moto unkafa wokha. Mkondo sunkamupha, poti moyo wake sunali m'chifuwa, adaubisa pena. (Pamene adaubisapo ngakhale ine ndidali ndisanapadziwe. Ndinkangoti, "Tonolani, mumva mawa.")

Chimanga chitatha ndidamugwetsera kuphompho, nkufa. Kenaka nyemba zidauma, ndiye ndidamudzutsa. Ubwino wa mfumu yoipa ndi umenewo, siifa ntchito ikadalipo.

Vuto lidabwera ndi Ndaziona, mwana wa mng'ono wanga, kamtsikana kamene mano akutsogolo adali atangoguluka.

"Amayi aakulu, Zimamotoyo amaoneka bwanji?"

Nkhope ndidali nayo kale, ndinkangoisunga mumtima. Chaka cham'mbuyo tidali ndi dima, anthu kutilimira, ife nkuwaphikira mowa, ndipo padadutsa bambo wina wachingoni, mlendo. Tidamupatsa chikho monga mwa ulemu. Adamwa, nkupukuta ndevu, nkunena pamaso pa anthu onse kuti, "Zikomo, mayi, thobwa la ana ili lazuna." Mowa wanga! Umene udagonetsa alongo anga mumzere, khasu lili m'manja. Bamboyo adapita, ine mawuwo adatsala.

Ndiye ndidamupatsa Zimamoto zonse za mlendo uja: kutalika kowerama, mwendo wokoka, kukhosomola asanayankhule, ndi khutu loboola mmene ankasomekamo kabango ka fodya wa m'mphuno. Nditafika pa kabangoko mutu udanditseguka. "Moyo wake uli mmenemo," ndidatero. "Ndipo angakazule ndi mwana wamng'ono kuposa onse, chifukwa afisi sayang'ana pansi. Akakazula, kasinjidwe mumtondo." (Za mwana wamng'onozi ndidangonena pofuna kusangalatsa Ndaziona, poti ankasankha nyemba bwino kuposa akuluakulu.)

Tsono Sofiya adali atakonda mnyamata wa kutsidya kwa mtsinje, Lukasi, wolima mopanda kuyang'ana dzuwa. Anyamata ena awiri adawakana, ati Lukasi yekha basi. Uthenga udabwera kuti amalume ake a mnyamatayo, aNgozo, abwera kudzaonana ndi alongo anga, omwe ndi ankhoswe a Sofiya. Ndidasesa, ndidazira, ndidaphika mowa.

Tsikulo kudacha ndi chisanu chija cholowa m'mafupa, nkhungu mpaka pakhomo. Ndili m'nyumba ndidamva kukhosomola panja. Ndidasuzumira pachitseko. Munthu wamtali, wowerama, akukoka mwendo. Kukhutu kabango.

Ndidakhala pansi osafuna.

"Mayi, mwatani?" Sofiya adafunsa.

"Palibe. Pita ukauze ana onse akasewere kudambo."

Adatuluka, nkubwerera msanga. "Palibe mwana ndi mmodzi yemwe panja. Koma nkhokwe ikuyankhula."

Alongo anga adakoleza moto pabwalo kuti mlendo aothe, nkundiitana kuti ndibweretse mowa. Ndidafunda nsalu kumutu mpaka pamphuno, nkuyenda chogwada, chipanda chili m'manja. Maso ndidawaika pansi kuti asandizindikire. Chifukwa choyang'ana pansi kwambiri sindidaone mwendo wawo wautali uja atautambasula. Bondo lidagunda, chipanda chidandipulumuka, mowa wonse thii pamoto. Padangomveka kulira kwa makala, utsi woyera, basi. Moto udafa ndendende pamene aNgozo adali atangokhala pansi.

Kunkhokwe kudamveka mawu aang'ono: "Wazima."

Alongo anga adandiyang'ana. "Mlongo, wayamba kale kulawa?"

Ndisanayankhe ndidaona Ndaziona akukwawa kumbuyo kwa mlendo, lilime lili pampata wa mano. Ndidamupukusira mutu pomuletsa. Iye adayesa ndikumulimbikitsa. Adaimirira, nkuzula kabango kaja, liwiro. Ana onse adatuluka pansi pa nkhokwe ngati nkhuku, kuthamangira kumtondo kwanga. Atsikana awiri adagwirizana munsi. Kabango kadaphwanyika, fodya nkuuluka, mudzi wonse kuyetsemula, mpaka galu.

Kenaka adabwerera mwakachetechete, nkuima mozungulira aNgozo, mamina ali chuchuchu, kudikira.

ANgozo adagwira khutu lawo. Adakhosomola. Ana adabwerera m'mbuyo.

"Kodi pamudzi pano alendo mumawalandira chonchi?"

"Bwanji simukufa?" Ndaziona adafunsa.

"Ndife chifukwa chiyani, mwana iwe?"

"Tasinja moyo wanu. Amayi aakulu adati mukhala phulusa."

"Amayi aakulu ndi ati?"

Zala zonse zidaloza ine, ndikadali chogwada m'matope a mowa. Ndipo ana, mukudziwa, akayamba kuthandiza saleka. Wina adati afisi mwawasiya kuti. Wina adaonetsa mmene Zimamoto amakokera mwendo, ndipo adaonetsa bwino, mwatsoka.

ANgozo adatola ndodo yawo nkuimirira. "Ankhoswe, ine ndidabwera ndi mawu abwino. Koma mwana wa mlongo wanga sindingamusiye pamudzi pamene amalume ake amatchedwa mfiti."

Kuseri kwa nyumba ndidamva Sofiya akulira, kulira kwa munthu wamkulu kosakweza mawu. Pamenepo manyazi adandithera. Ndidavula nsalu kumutu, nkukwawira patsogolo pawo, nkuomba m'manja.

"Bambo, si ufiti, ndi nthano. Ndidabwereka thupi lanu chifukwa mudanyoza mowa wanga pa dima chaka chatha."

Adandiyang'anitsitsa kumaso. "Ine ndidayamba ndadutsapo pano?"

Zimenezo zidandiwawa kuposa zonse. Chaka chathunthu ndikumusenza munthu mumtima, iye osakumbuka ngakhale mudzi.

"Inenenitu nthanoyo," adatero, atatsamira ndodo. "Ndimve zimene ndakhala ndikuchita."

"Masana sitinena nthano, bambo."

"Masana simuzulanso makutu a alendo."

Ndidaiyamba, anthu a m'mudzi atadzaza bwalo. Poyamba adamvera ataima. Nditafika pa abale omumana moto adati, "Achibale ngotero," nkukhala pansi. Nditafika pamene Zimamoto adazima midzi ya kuchigwa usiku umodzi, ndidaona ndevu zikugwedezeka.

"Afisiwo ndili nawo angati?"

"Ambiri, bambo."

"Onjezani. Nanga ng'ombe?"

"Alibe ng'ombe."

"Mfumu yanji yopanda ng'ombe? Mukuoneka kuti simudaonepo mfumu, mayi." Adatembenukira kwa alongo anga. "Ndipo taonani kupusa kwake. Munthu wanzeru zotere, moyo nkuuika kukhutu, poti mwana aliyense afikepo? Ine ndikadaukwirira pakati pa khola, ng'ombe yaukali nkugona pamwamba."

"Ndiye tikakumbe kukhola?" adafunsa Ndaziona. Amake adamutseka pakamwa.

Mlandu adaugamula okha aNgozo. Ndipereke nkhuku yopepesera khutu. Ndipeze kabango kena, ndidzazemo fodya wosinja ndekha. Ndipo chachikulu, Zimamoto asadzaphedwenso ndi mwana wopanda mano. Ngati nkufa, afe pankhondo, ataimirira, atagwetsa anthu ooneka.

"Mukavomera zimenezo," adatero, "tikhoza kukamba za ana athuwa."

Ndidavomera zonse, ndikadavomeranso ndi mbuzi akadaitchula. Adakolezanso moto, mowa wina adabweretsa mng'ono wanga (ine adandiletsa kuyandikira), ndipo dzuwa lisanapendeke mawu adatha. Sofiya adakwatiwa ndi Lukasi wake mvula isanagwe. Adakhala mwezi osandiyankhula bwino, koma adakwatiwa.

ANgozo ankabwera kudzaona banjalo, ndipo asanapereke ndi moni yemwe ankafunsa kuti alanda midzi ingati chichokereni. Ndikati iwiri, ankakwiya. Ndidawapatsa ng'ombe, ndidawapatsa phiri lachiwiri, mpaka mkazi wamkulu wolamula mphezi. Atamwalira ndidalira ngati wachibale, ndipo Zimamoto sindidamunenenso.

Mwina mukuyesa ndidaleka kubwereka nkhope za anthu. Ayi ndithu, mfumu yoipa yopanda nkhope siopsa ngakhale mwanapiye. Kungoti pambuyo pa Sofiya ndidali ndi atsikana ena awiri, ndiye munthu akandilakwira ndinkayamba ndafufuza ngati kwawo kuli anyamata osakwatira. Akapezeka kuti alipo, ndinkamukhululukira mpaka ukwati utachitika.