Waya wa Kugalaja ya Bambo Siraj

Pulani inabadwa Loweruka masana m'pabu ina ya ku Highfields, kudziko la azungu, pa botolo lachitatu. Mwini pulaniyo anali Darlington, amene ankatchedwa Injiniya chifukwa anaphunzirapo zamagetsi kukoleji masabata awiri. Anati ku Evington kuli nyumba ya mmwenye wina wokalamba, Bambo Siraj, ndipo kuchoka m'nyumbamo kukafika kugalaja kwadutsa waya wa kopa, wonenepa ngati mzimbe, wokutidwa ndi pulasitiki, ali m'paipi. Iwo akavala majekete achikasu, akanena kuti ndi mainsipekita a khonsolo ndipo lamulo latsopano laletsa waya wokutidwa kukhala m'paipi. Akasolola, basi ulendo kwa ogula zitsulo.

Foster, dalaivala wa vani, wodziwika kuti Buleki, anawomba m'manja. Walusungu anangomwetulira. Iye ndiye anawalozera nyumbayo, koma chinsinsi chake sanaulule: waya analibe naye ntchito. M'nyumbamo munali Felista, wosamalira mkuluyo, mtsikana amene Walusungu anamuona kamodzi kutchalitchi n'kukhala miyezi itatu akumulota. Ankakhulupirira kuti Felista akadzamuona ali insipekita, mtima udzamufewa.

Lolemba m'mawa anafika. Polowa pageti, Walusungu anathyola duwa lofiira n'kulibisa m'jekete.

Bambo Siraj anamvetsera za lamulo latsopanolo m'Chingerezi, ali pa njinga yawo ya olumala, akugwedeza mutu. Anawalozera okha pozimitsira magetsi. Injiniya anatembenukira anzake n'kulankhula Chichewa mokweza, mkuluyo ali pomwepo.

"Mdalayu ndi wogona, mafana. Tiyeni tidye."

Anamasula waya kugalaja n'kukoka onse atatu. Waya sanasunthe. Anathira sopo wotsukira mbale m'paipi, nkhope zinachita kufiira, waya ali phee. Walusungu ankakoka ndi dzanja limodzi, maso ali pawindo la kukhitchini, pomwe mthunzi unkadutsadutsa kuseri kwa katani. Kodi akumuyang'ana? Anawongola kolala.

Apo Injiniya analamula kuti sayansi igwire ntchito. Anamanga waya kubampala ya vani, Buleki n'kuponda moto. Kunamveka kuti khwaa! Bampala inatsala pansi pamodzi ndi nambala yake, vani inalumpha n'kukagunda chipilala cha geti, n'kukhazikika pamenepo chopingasa. Njira yotulukira inatsekeka. Waya sanasunthe ngakhale pang'ono.

Bambo Siraj anayandikira pang'onopang'ono, natsokomola, nayamba kulankhula Chichewa chosalala cha ku Limbe.

"Achimwene, wogona uja wadzuka."

Anawauza kuti anabadwira ku Limbe komweko, ndipo zamagetsi anagwira zaka makumi anayi. Waya wokutidwa m'paipi palibe lamulo lomuletsa, bola paipi ikhale yotakasuka kuti waya asatenthe, ndipo pokhota pakhale kabokosi kotsegula. Paipiyo anaika okha, yakhota kanayi, ndipo kumapeto kwake, m'nyumba, waya anam'manga ndi chitsulo.

"Mukanamasula uko n'kutsegula timabokosito, bwenzi pano muli kwa ogula zitsulo ku Corby. Koma munkakoka nyumba yonse."

Injiniya anafunsa mwaulemu ngati nkhaniyi ingathere pachiweniweni, poti onse ndi a kumudzi kumodzi. Mkuluyo anati ikanatheka, koma Felista anaimbira apolisi kalekale, sopo asanathiridwe.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Felista anatuluka, wokongola kuposa m'maloto muja. Galimoto ya apolisi inali itaima kale kuseri kwa vani. Walusungu anaona kuti mpata wina sudzapezekanso. Anapisa dzanja m'jekete, natulutsa duwa lija, litaphwanyika, likununkha sopo, n'kunena kuti iye si mbava ngati anzakewo, anabwera chifukwa cha Felistayo basi.

Felista analandira duwalo, naliyang'ana nthawi yaitali. Kenako mtsikanayo anayang'ana kugeti, pa kanthambi kothyoka.

"Bwana ofisala," anatero mofatsa, "mulembenso ili. Ndinabzala ndekha."