Chifundo Chopanda Odi

Lolemba
Ulaliki wa dzulo ku Nguludi ukadali m'mutu. Abambo mfumu akuti chifundo chenicheni sichidzionetsera. Ine ndamva. A Nangondo, neba wanga wamasiye, anathyoka mkono ataterereka ku mjigo. Ali okhaokha, mwana wawo ali ku Limbe. Pulani ya sabata ino: madzi, nkhuni, kusesa pabwalo. Zonse m'mamawa, osadziwika. Lero ndasiya ndowa yodzaza pakhomo pawo n'kubwerera monyang'ama. Mtima mbee!

Lachiwiri
Madzi aja atayira kuseri kwa chimbudzi. Ndi mkono umodzi! Akuti madzi obwera okha samwa. Ndowa yanga yatsopano aiponya kudzala, ndipo sindingaitole popanda kudziulula. Palibe kanthu, mawa nkhuni.

Lachitatu
Mtolo wabwino wa bulugamu, wouma gwa. Koma luzi linandisowa, ndiye ndamangira kansanza kofiira. Kalanga ine! A Nangondo akuulambalala ngati njoka, auwazanso madzi odalitsa. Ku mjigo nkhani ndi yomweyi. "Nsalu yofiira? Ameneyo akufuna mkono winawo." Inenso ndikugwedeza mutu nawo, ndinene kuti chiyani?

Lachinayi
Ndasesa pabwalo pawo, poti kusesa sikungaopse munthu. Kodi! Akuti mfiti yadzatapa dothi la mapazi awo. Sakudya, sakugona. Akuti sabata ikatha apita ku Limbe, asiye chimanga ndi nandolo wawo m'munda, chonsecho tauni amadana nayo. Zandipweteka mumtima. Madzulo a mphakati wathu akumana kudzapemphera pakhomopo. Wotsogolera pemphero lothamangitsa woipayo: ine. Ndapemphera mpaka thukuta kamukamu.

Lachisanu
Lero sindipereka chifundo chilichonse, ndapuma. Koma taonani! A mphakati agwirizana kuti a Nangondo asakhalenso okha. A Filipo awaza nkhuni. Amake Agnesi atunga madzi, masana dzuwa likuswa mtengo, akuimba. Achinyamata apalira nandolo. Miyezi yonseyi tinali kuti? Wina wabwerekanso galu kwa mlamu wake ku Njuli, azilondera pakhomopo. Ndowa yanga ikadali kudzala, ikundiyang'ana.

Loweruka
Ndati ndikatole ndowa anthu asanadzuke. Galu uja sadziwa za mphakati. Katumba, chitenje, ulemu, zonse wang'amba. Kabaza mpaka kuchipatala, jekeseni, bandeji. Pobwera ndapeza khamu likundidikira, ndipo ndaulula zonse, kuyambira madzi mpaka kansanza. Kenako a Nangondo ayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, atagwirira mkono wothyokawo. A Filipo akuti pemphero la Lachinayi lija linali lamphamvudi, mfiti yagwidwa.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite, mwendo watupa. Abambo mfumu akuti amva kale. Pulani yanga yafera pomwepo, ndipo ndavomereza. Chakumasana ndikumva "Odi! Odi kuno!" mokweza, mudzi wonse umve. A Nangondo, atanyamula kapu ya thobwa ndi mkono wabwinowo. Akhala pamkeka, andiyang'ana ndikumwa.

"Mwamva mmene timachitira? Umayamba wanena odi."

Ku Limbe sakupitanso. Ndowa akuti asunga, poti inabwera yokha. Zikomo Mulungu chifukwa cha a mphakati, chifukwa cha thobwa, ngakhalenso galu uja. Mawa madzi adzanditungira amake Agnesi, ndipo adzanena odi.